Maliro a Kunyumba kwa Wapolisi

Constance Namakhwa anaimva nkhaniyo Lamulungu masana, ali kuseri kwa tchalitchi akutsuka timakapu ta Mgonero. Anamuuza ndi Mai Ella, amene kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kalasi ya amayi ofuna ubatizo pa kampingo kaja ka ku Chigumula. Amuna awo, a Laban, anali atapuma ntchito ya panjanji, ndipo banjalo linkangodikira kukolola kuti libwerere kwawo ku Mulanje. Aliyense ankadziwa kuti kalasiyo itsala m'manja mwa Constance. Ndiye ankakhala pambali pa Mai Ella Lachinayi lililonse, ndiye ankayendera odwala, ndipo Mai Ella mawu akasasa ndiye ankapitiriza phunziro.

"Akulu a mpingo akana dzina lako," anatero Mai Ella osazungulira. "Kalasi apereka kwa akazi awo a Pearson Mulepa."

Constance anaika kapu pansi. "Akana chifukwa chiyani?"

"Akuti sunakhwime. Akuti mtima wako ndi wamoto, ndipo munthu wotero sangalere anzake m'chikhristu."

"Inuyo munati chiyani?"

"Ine m'bwalo la akulu sindilowamo. Anandifunsira pakhomo, ndinatchula iwe. Koma a Pearson anakumbutsa anzawo za tsiku lija unatuluka pemphero lili mkati."

"Apempherenso choncho aone ngati sindituluka."

Chinali chaka cha 1959, chimene boma linagwira anthu a Kongiresi okana Chitaganya. Mwamuna wa Constance, Hilary, ankayendetsa lole ya Mmwenye wina ku Limbe, ndipo khadi la Kongiresi ankayenda nalo m'thumba. Anamugwira masana pamalo opakira katundu, Constance atangofika ndi mbale ya chakudya. Hilary sanalimbane nawo. Anangopempha kuti alankhule kaye ndi mkazi wake, ndipo wapolisi wina, wakuda mnzake, anamumenya ndi ndodo pakamwa mpaka mano akutsogolo anagwera m'fumbi. Constance anaiona bwinobwino nkhope ya wapolisiyo. Patapita masabata anamva kuti Hilary anamutumiza kundende ya ku Rodeshiya.

Lamulungu lotsatira kugwidwako a Pearson, amene anali mkulu wa mpingo komanso kapitawo kosankhira fodya ku Limbe, anapemphera pemphero lalitali. Anapempherera Mfumukazi, Bwanamkubwa ndi apolisi, kuti Mulungu awapatse mphamvu zobwezeretsa bata m'dziko. Omangidwa sanawatchule. Constance anatsegula maso nafunsa mokweza kuti, "Nanga omangidwa?" A Pearson anapitiriza ngati sanamve, ndipo iye anaimirira n'kutuluka, mwana kumbuyo.

Tsopano kalasi inali ya Mai Mulepa, mayi wofatsa, wa mawu ochepa, amene ankawerenga funso ndi yankho lake n'kuuza amayi kuti abwereze. Constance sanasiye kubwera Lachinayi. Ankakhala kumbuyo manja atapinda, akumvetsera cholakwika chilichonse, ndipo pobwerera ankazilongosola zonse kwa Mai Ella mpaka iwo anamuuza kuti atopa nazo.

Masiku omwewo m'kalasimo munabwera munthu watsopano, mtsikana woonda wa chilankhulo cha ku Chigwa, dzina lake Jenifer, ndi kamwana kakakazi kongoyamba kuyenda. Anati nyumba za apolisi zadzaza, choncho iye ndi mwamuna wake apeza nyumba ya lendi kumunsi kwa chigayo. Tsiku lina madzulo Constance akuchokera ku Limbe anamuona mwamunayo atakhala pakhonde akupukuta nsapato. Anali yemwe uja. Dzina lake anamva kuti ndi January.

Sanagone nayo nkhaniyo. Anauza amayi pachitsime, anauza amayi pachigayo, ndipo Lachinayi lotsatira Jenifer atakhala pansi, amayi onse anasunthira mbali ina ya mphasa. Palibe anamupatsa moni. Mai Mulepa anaona, nayang'ananso m'buku.

Kalasi itatha Jenifer anamutsatira Constance kumsewu.

"Mayi, akuti inu ndi amene mumafotokoza bwino. Zija amawerenga zija, zoti munthu abadwenso, ine sindikuzimva."

"Ukudziwa kuti ndine ndani?"

"Ndamva."

"Ndiye kafunse amuna ako. Amadziwa kufotokoza ndi ndodo."

Mtsikanayo anaweramitsa mutu n'kubwerera. Mai Ella anali pafupi ndipo anamva zonse.

"Mwina a Pearson sananame," anatero.

"Inu amuna anu ali kunyumba, akusenga chimanga. Musandiphunzitse."

"Sindikukuphunzitsa. Ndikungoti mwanayo anafunsa funso labwino, ndipo m'mudzi muno woyankha ndiwe."

Constance sanawalankhule sabata yonse.

Hilary atamangidwa, Constance anapeza ntchito yochapa ndi kusita kunyumba kwa Pravin, wa sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo ankapita pansi m'mawa uliwonse, mwana wake Paston atamusiya kwa mchemwali wake. M'mawa wina wozizira wa mwezi wa Meyi, akudutsa kumunsi kwa chigayo, anamva kulira. Chikuku chinali chitalowa m'mudzimo, ndipo kulira kwa maliro sikunali kwachilendo. Chachilendo chinali choti mawu anali a munthu mmodzi. Ankachokera m'nyumba ya wapolisi. Constance anaima pang'ono, kenako anamangitsa chitenje n'kupitiriza ulendo.

Kuntchito zinthu sizinayende. Anaika makala ambiri m'simbi n'kuwaula kolala ya malaya a Pravin. Nirmala, mkazi wa Pravin, anabwera atakwiya, koma ataona nkhope yake anafunsa ngati kwabwera uthenga woipa wochokera ku Rodeshiya.

"Ayi. Kwathu kwagwa maliro a mwana."

"Wachibale?"

"Si wachibale. Ndi wa munthu amene sindifuna n'kumuona komwe."

Nirmala sanafunsenso. Anapita kusitolo, nabwera ndi chidutswa cha bafuta woyera, n'kumuuza kuti aweruke. Constance anachilandira akudziuza kuti akangochipereka kwa Mai Mulepa, popeza kalasi ndi yawo ndipo maliro a munthu wa m'kalasi ndi awo.

Anafika ku Chigumula dzuwa litapendeka. Pamsewu panalibe masamba odziwitsa maliro. Panalibe utsi wa amayi ophika, panalibe abambo okhala pansi pa mtengo, panalibe nyimbo. Mawu aja anali akulirabe, atasasa tsopano. Anthu a nyumba zoyandikana anali atatseka zitseko ngati kukugwa mvula.

Anapeza Mai Mulepa akupeta mphale kunyumba kwawo, ndipo a Pearson atakhala pampando akumwa tiyi.

"Nsalu iyi ndi ya maliro a kwa Jenifer," anatero Constance. "Mukupita nthawi yanji?"

Mai Mulepa anayang'ana amuna awo.

"Mpingo sungayendetse maliro amenewo," anayankha a Pearson. "Mayiyo sanabatizidwe, mwanayo sanabatizidwe, bamboyo sitimudziwa n'komwe. Lamulo la mpingo mukulidziwa."

"Chaka chatha munaimba pamaliro a mlamu wanu amene anafera ku mowa. Anabatizidwa liti?"

"Amayi, samalani pakamwa."

"Nenani zoona, a Mulepa."

A Pearson anaika kapu pansi natsitsa mawu. "Anyamata a Kongiresi anadutsa m'mawa. Anati aliyense woponda pakhomo paja ndi kapirikoni, wogulitsa anzake, ndipo nyumba yake ipsa. Ine ndili ndi ana. Tchalitchi chija n'chaudzu."

Constance anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Si inu munawapempherera apolisi? Munawatchula ndi pakamwa panu pomwepo, maso mutatsinzina, mwamuna wanga magazi asanaume. Pamenepo boma linali ndi mfuti, munaopa boma. Lero anyamata ali ndi machesi, mwaopa anyamata. Inu mumapemphera kwa amene akuopsa tsiku limenelo. Ndinu nkhuku, a Mulepa, nkhuku yovala jekete."

"Mawu amenewo mukawayankha pabwalo."

"Mukandiitane."

Anatola bafuta uja n'kutuluka. Sanaganize zoti akupita kuti. Miyendo yokha inatsetsereka kumunsi kwa chigayo, mkwiyo ukumukankha kumsana.

January anali panja, atavala malaya wamba, atakhala pa kabokosi ka matabwa kamene anabwera nako kuchokera kuntchito. Ataona munthu akulowa pabwalo anaimirira msanga, naomba m'manja.

"Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri. Kuyambira m'mawa ndinu woyamba."

"Mukundidziwa?"

"Pepani, ndine mlendo kuno."

"Ndine mkazi wa munthu amene munamugulula mano ku Limbe. Woyendetsa lole. Ndinali nditanyamula mbale."

January anamuyang'ana nthawi yaitali, akufufuza m'mutu. Kenako anagwetsa maso.

"Anali ambiri, mayi," anatero.

Constance anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumaso. Miyezi yonseyi nkhope ya munthu uyu inkamubwerera akamadya, akamachapa, akamapemphera, ndipo iye sankakumbuka n'komwe. Anatembenuka kuti azipita. Bafuta anafuna kumuponyera pansi. Koma m'nyumbamo Jenifer anakhosomola, n'kuyambanso kulira ndi mawu otsala pang'ono kutha.

"Sindinabwerere inu," anatero Constance. "Chokani pakhomo."

M'nyumba munali mdima ndi fungo la matenda. Jenifer anali pansi, mwana ali pamiyendo, atamukulunga ndi bulangete lomwe anaferamo. Palibe chimene chinali chitakonzedwa. Mtsikanayo anali asanasambitsepo maliro, ndipo amayi ake anali kutali, kutsidya kwa Chiromo.

"Bwera naye kuno," anatero Constance. "Kateleke madzi. Uzilira uli chiimire, manja akugwira ntchito."

Anamusambitsa mwanayo pang'onopang'ono, akumuuza Jenifer chochita: gwira mutu, pukuta apa, tseka maso ndi chala chonyowa. Anang'amba bafuta ndi mano. Akumukulunga, Jenifer anamugwira dzanja.

"Mayi, wapita kuti? A Mulepa anatumiza mawu kuti sanabatizidwe. Ndiye kuti Mulungu wamukana? Ndi chifukwa cha bambo ake?"

Constance anasiya kukulunga.

"Tamvera. A Mulepa ndi munthu wa ku Chigumula ngati ine, makiyi akumwamba alibe. Mwana uyu sanamenye munthu. Sanagwire ndodo, sanapemphere pemphero lamantha, sanauze amayi pachitsime kuti asakupatse moni. Mwa ife tonse m'mudzi muno lero, amene Yesu amulandire osafunsa funso ndi uyu. Ife ndi amene tikafunsidwe. Wamva?"

"Ndamva."

"Usamvere wina aliyense pa nkhani imeneyi."

Atamugoneka pamphasa, Constance anatuluka n'kuyamba kugogoda m'nyumba za amayi a m'kalasi. Sanapemphe. Ankaima pakhomo n'kuitana dzina mokweza kuti oyandikana amve.

"Si inu nomwe munatiuza za mwamunayo?" anafunsa mayi wina, chitseko atatsegula pang'ono.

"Ndinanena, ndipo sindikubweza. Mwamunayo ndi chilombo. Koma wafa si iyeyo. Iwe wako atadwala chikuku mwezi watha tinakhala nawe, tinakutungira madzi. Ukufuna kubatizidwa kuti uzichita chiyani, kuvala duku loyera? Tenga ufa, tiye."

Ena anakana. Wina anati mwamuna wake wamuletsa, wina anati mutu ukumupweteka. Koma ena anatuluka, atanyamula nkhuni ndi timabeseni ta ufa, akuyenda mothithikana ngati ana opita kukalandira chilango. Mai Ella anawapeza panjira. Anali atamva phokoso. Anangoyambitsa nyimbo, ndipo amayiwo analowa pabwalo la wapolisi akuimba. Anagona komweko.

M'mawa mwake abambo a m'mudzi anakana kukumba manda. Anakumba ndi January yemwe, mnzake wina wa kuntchito, ndi a Laban, amene anabwera ndi khasu lawo akung'ung'udza kuti msana wawo unatha kale panjanji. Abusa a Mathias, amene ankayang'anira mipingo ingapo ndipo ankafika ku Chigumula panjinga kamodzi pamwezi, anali kutali. Mkulu wa mpingo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Kumsewu kunaima anyamata a Kongiresi, manja m'matumba, akuwerenga nkhope.

Bokosi litatsikira m'manda, onse anadikira wopemphera. A Laban anati iwo pemphero la pagulu saalitha.

"Pemphera," anatero Mai Ella kwa Constance.

"Ine? Mtima wanga uli ndi moto, mwaiwala?"

"Pemphera ndi moto womwewo. Wina palibe."

Constance anatsinzina. Mawu anatuluka olimba, ngati akukangana ndi munthu. Anapereka mwanayo m'manja mwa Mulungu namutchula dzina. Anapempherera Jenifer kuti mabere ake aume msanga ndipo mtima wake usaume. Kenako anatchula omangidwa, Hilary ndi ena a m'mudzimo, mmodzimmodzi, mokweza kuti a kumsewu amve ndipo apolisi awiri aja amve.

"Ndipo bambo wa mwanayu," anatero. "Inu mukudziwa zimene anachita, ngakhale iye waiwala. Mukumbutseni. Ine sindingathe kumupempherera zabwino lero. Koma waika mwana, ndipo Inu mukudziwa kuika mwana. Chitani naye monga Inu, osati monga ine. Amen."

Amen wa amayi anatuluka mochedwa. January anali atagwada m'dothi lofiira, nkhope m'manja.

Pobwerera, mmodzi wa anthu a kumsewu anamutsekera njira. Anali Morris, mnzake wa Hilary, amene apolisi anamuphonya.

"Alamu, mwachita chiyani? Mbale wathu akugona pasimenti ku Rodeshiya, inu mukuimbira amene anamumenya."

"Inu munali kuti pomumenya? Ine ndinalipo. Munathawira kuphiri, lero mwabwera kudzalimbana ndi mtembo wa mwana. Ufulu wake ndi umenewu, wosiya mayi kulira yekha?"

"Anthu sakumvetsani."

"Asamve."

Patapita masiku ochepa, Constance ali ku Limbe, khitchini yake inapsa pamodzi ndi chimanga chimene anali atangokolola m'kamunda ka kuseri. Palibe anaona woyatsa. Anaima pa phulusa akutukwana Kongiresi, boma, a Pearson, January ndi Hilary yemwe chifukwa cha khadi lake, mpaka mchemwali wake anamukokera m'nyumba.

Lachinayi lotsatira sanapite kutchalitchi. Anali pakhonde akusankha chimanga chowauka pamene amayi aja anafika, Jenifer ali pakati pawo, ena atanyamula chimanga chochepa cha m'minda yawo. Anakhala pansi. Wina anafunsa ngati munthu angapemphere atakwiya, popeza iye ankaganiza kuti uyenera kudikira mtima uphwe. Wina anafunsa chochita mwamuna akakuletsa chinthu chimene Mulungu akufuna. Constance anawauza kuti iye si mphunzitsi wawo, apite kwa Mai Mulepa. Sanasunthe. Anayankha funso limodzi kuti achoke, ndipo linabala ena. Sabata yotsatira anabweranso, ochulukirapo.

Abusa a Mathias atafika kumapeto kwa mwezi anapeza mlandu ukuwadikira. A Pearson anati Constance wanyoza mkulu wa mpingo pamaso pa mkazi wake, wayendetsa mwambo wa maliro popanda chilolezo, waika mpingo pangozi, ndipo walanda kalasi. Bwalo linakhala m'tchalitchi Loweruka masana. Constance anaima kutsogolo. Mai Ella ndi Mai Mulepa anakhala panja pafupi ndi khomo.

Abusa anali munthu wamfupi, wotopa, thalauza lake lili ndi zomangira za njinga. Anamvetsera zonse osadula mawu. Kenako anatembenukira kwa Constance.

"Munawatchula a Mulepa nkhuku?"

"Yovala jekete."

Mkulu wina anakhosomola n'kuyang'ana kudenga.

"Wapolisiyo mwamukhululukira?"

"Ayi."

"Mukufuna kumukhululukira?"

"Masiku ena ndimafuna kuti ndizifuna. Masiku ambiri ayi."

"Nanga kunyumba kwake mwapitakonso?"

"Ndimapita iye akakhala kuntchito. Mtsikanayo sakudya. Ukapanda kukhala naye pansi n'kumuyang'ana, chakudya amapatsa agalu."

"Khitchini yanu inapsa chifukwa cha zimenezi."

"Inapsa."

"Mwamva nokha, abusa," anatero a Pearson. "Wavomera ndi pakamwa pake kuti sanakhululuke. Munthu wotere akaphunzitsa chiyani? Wokhwima m'chikhristu amakhala wofatsa, wodziletsa, womvera akulu."

Apo Mai Mulepa anaimirira pakhomo. Palibe anali atawamvapo akulankhula pagulu la abambo.

"Abusa, ndilankhule. Kulira kuja kunkamveka kunyumba kwathu tsiku lonse. Ine ndinapeta mphale yopetapeta kale kuti ndisamve. Ndine wofatsa, ndi zoona. Koma amayi aja akandifunsa funso lomwe mulibe m'buku, ndimachita mantha. Kalasiyi sindikuifuna."

"Khala pansi," anatero a Pearson.

"Ndakhala," anayankha, n'kukhaladi.

Abusa anapukuta nkhope ndi kansalu.

"Lilime la mayi uyu sindilikonda," anatero. "Lidzatibweretsera milandu ina. Zoti sanakhululuke ndi ntchito imene yatsala pakati pa iye ndi Mulungu, ndipo ndidzamufunsa mwezi ndi mwezi mpaka atope nane. Koma ine poyang'ana woti alere ena sindifunsa kuti ndani alibe chilonda. Ndimayang'ana amene wachita chimene Ambuye akufuna mtima wake ukukana, zinthu zake n'kupsa, n'kupitakonso. Ndimayang'ananso kumene ophunzira akupita okha popanda belu. Akanakhala kuti ananama kuti wakhululuka, ndikanakayika. Kalasi atenge Mai Namakhwa. Koma ayambe wabweza mawu achipongwe kwa a Mulepa, pompano."

Constance sanamve kukoma kumene ankaganiza kuti adzamva. Anamva kulemera, ndi mkwiyo wina watsopano, woti amupatsa chinthu chimene tsopano ankachiopa.

"Mawu a nkhuku ndabweza," anatero. "Ena onse sindibweza."

"A Mulepa, mwalandira?"

A Pearson anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Anakhala miyezi ingapo akupemphera ku mpingo wa ku Limbe.

Mai Ella anasamuka chimanga chitalowa m'matumba. Constance anaphunzitsa kalasiyo mwa njira yake. Ankakalipa amayi akachedwa, ankawatuma awiriawiri kukatungira madzi odwala, ndipo funso likamukanika ankanena kuti sakudziwa, adikire abusa. Jenifer anabatizidwa pa Khirisimasi pamodzi ndi anzake.

Hilary anatulutsidwa chaka chotsatira. Morris anakamuchingamira ku siteshoni ya Limbe, ndipo pofika ku Chigumula anali atamva zonse. Anafika woonda, wokalamba, akulankhula dzanja lili pakamwa. Anadikira alendo achoke.

"Ndamva kuti unasambitsa mwana wake."

"Ndinasambitsa."

"Ndi manja omwewa wandiphikira nawo?"

"Omwewa."

"Ukudziwa zimene amatichita kumeneko? Ine ndinkalimba mtima poganiza kuti kunyumba kuli munthu amene akudana nawo ngati ine."

"Ndikudana naye mpaka lero. Mukufuna ndilumbire?"

"Ndiye unapitiranji?"

"Mwana anafa, bambo a Paston. Mayi ake anali yekha. Mukanakhala inu mukudutsa pamsewu paja, sindikudziwa kuti mukanatani. Ine ndinadutsa kamodzi, kachiwiri ndinalephera."

Hilary anamenya tebulo ndi chibakera, mbale n'kugwa. Mwana wawo Paston anathawira kwa azakhali ake. Anakangana mpaka mawu anawathera, ndipo pomaliza Hilary analamula kuti mkazi wa wapolisiyo asadzapondenso pabwalo pake. Constance anavomera, popeza bwalo linali lakedi. Koma Lachinayi masana anavala duku n'kutenga buku lake.

"Ukupitabe?" anafunsa Hilary ali pakhonde.

"Akundidikira."

"Iyeyo aliko?"

"Aliko. Ndiye amayambitsa nyimbo masiku ano."

Hilary analavulira pambali n'kutembenuzira mpando kukhoma.

January anamusamutsira ku Zomba mvula isanayambe. Tsiku lonyamuka anabwera mpaka kumalire a bwalo, chipewa m'manja, napempha kulankhula ndi mwini nyumba. Hilary anatuluka, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kulowanso m'nyumba. January anaima pamenepo kanthawi, kenako anapita kukakweza katundu. Constance anaperekeza Jenifer mpaka kumsewu waukulu, akumuuza dzina la mayi woti akamufunefune ku mpingo wa ku Zomba, ndi kumukalipira kuti mimba yatsopanoyi asamanyamule nayo mitolo yolemera. Lole itanyamuka anabwerera kunyumba, napeza Hilary akukhoma mitengo ya khitchini yatsopano. Constance anagwira mtengo kuti uwongoke, iye n'kumakhoma.